Batani Lothetsa Milandu

Mpaka lero, ndikalowa m'chipinda cha aphunzitsi pa sikola pathu, sipalephera kupezeka wina wokhosomola n'kunena chapansipansi kuti, "Sungani ntchito zanu anzanga, wokhululukira machimo wafika." Munthu amene anataya manota, ndiye kuti malikisi a mayeso, a ana a sikola yonse chifukwa cha liwu limodzi la Chipwitikizi, chikhalirecho iye mwini ndi mphunzitsi wa Chipwitikizi, alibe pakamwa poyankhira. Komabe ndati ndiifotokoze ndekha nkhaniyi, chifukwa imene ikuyenda pa msika wa Ntengo-Wambalame anthu aithira mchere wambiri. Akuti ndinagwada n'kumalira ngati mwana. (Kugwada ndinagwadadi, koma kulira ayi. Chinali chimfine. Amene anafikako kuno ku Tsangano akudziwa mmene kumazizirira.)

Muyambe mwadziwa matenda anga. Ndinabadwira kuno, koma nkhondo itavuta makolo anathawira nafe ku Malawi, ndipo kuwerenga ndinayambira kumeneko. Titabwerera kwathu, ndinalowa m'kalasi ndili wamtali kuposa onse koma wosadziwa ngakhale kupempha kupita kuchimbudzi m'Chipwitikizi. Anandiseka chaka chathunthu. Ndiye ndinalumbira kuti chilankhulo chimenechi ndidzachikwera pamsana, ndipo ndinachikweradi, mpaka ndinakhala mphunzitsi wake. Vuto ndi lakuti sindinatsikeponso. Ndine munthu uja amene amakonza Chipwitikizi cha namwino ali mkati momubaya jakisoni. Ndinkakhulupirira kuti palibe liwu la chilankhulocho limene lingandipunthwitse.

Tsono tchimo langa linali la mbatatesi. Kuno mphunzitsi aliyense ali ndi kamunda, ndipo chaka chimenecho kanga kanabereka mochititsa manyazi aneba. Ogula anabwera ndi galimoto yawo kuchokera ku Tete mkati mwa sabata, nati sadikira Loweruka la munthu. Ndinakumba masiku atatu osaponda ku sikola. Pobwerera ndinavala nkhope yogwa, n'kuuza a Diretora, mkulu wa sikola yathu, kuti ndinali ku maliro a malume anga ku Chidzolomondo, m'boma la Macanga. Ndinasankha Chidzolomondo chifukwa ndi kutali, palibe amene akanapita kukawerenga manda. Malumewo alipodi kumeneko, amalima fodya, ndipo tsiku limene ndinkawaika m'manda mwina anali pakhonde akudya chimanga chootcha.

Bodzalo linagwira kuposa mmene ndinkafunira. A Diretora anandigwira dzanja nthawi yaitali. A Zakariya, amene ndi a Pedagojiko athu, kutanthauza kuti ndiwo amayang'anira maphunziro ndi manota onse a pa sikola, anali atandiphunzitsira makalasi anga masiku onse atatu. Ndi bambo wachikulire, mkulu wa mpingo, wotsala pang'ono kupuma pa ntchito. Ananditengera pambali n'kupempherera mzimu wa malume mphindi zingapo, ine maso nditatsinzina, m'zikhadabo muli dothi la kumunda.

Patatha sabata ziwiri, Lachitatu m'mawa, ndikudutsa pa zenera la ofesi, ndinamva mawu a Diretora akuuza mlembi wathu.

"Dona Rosa, mundipezere pulosesu ya purofesolo wa Português. Ndikufuna ikhale itakwana pofika Lachisanu."

Purofesolo wa Português, mphunzitsi wa Chipwitikizi, ndi ine. Kwa amene simunagwirepo ntchito ya boma kuno, pulosesu ndi mlandu. Akakuuza kuti takutsegulira pulosesu, yamba kuganiza kumene ukadyere. Ndinadziwa kuti wina wandiona ndili ndi khasu tsiku la maliro, ndipo ntchito yanga ya zaka khumi ndi zinayi yatsala masiku awiri. Sindinaime kuti ndimve zotsatira. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, koma ine ndinadzimverera ndekha, n'kukanenabe za m'maluwa.

Masana a tsiku lomwelo ndinakhala pa komputadolo kuti ndilembe mafunso a mayeso, mutu uli kwina. Sikola yathu ili ndi komputadolo imodzi yokha, yokalamba, imene imalira ngati chigayo ikamadzuka. Aliyense ali ndi khomo lake lolowera, dzina ndi senya yake, yomwe ndi mawu achinsinsi aja. Ukatopa kapena akakuitana, umangosiya ntchito yako ili chitsegukire n'kupatsa mnzako mpando, iye n'kulowera khomo lake. Wosunga kiyi wamkulu wa makinawo, amene amamutcha administradora, ndi mphunzitsi wa zamakompyuta, Delfina, yemwe mwatsoka ndi mng'ono wake wa akazi anga. Mlamu wanga weniweni.

Ndili mkati molemba, makinawo anauma gwa. Ndinakumbukira zimene alamu anatiphunzitsa, kuti zikatero uzidina mabatani atatu nthawi imodzi. Ndinatambasula zala ngati ndikuthyola chitedze, ndinadina, ndinasankha zimene zinabwera, ndipo panatseguka kazenera kamene ndinali ndisanakaonepo. Pamwamba pake panalembedwa liwu limodzi.

Processos.

Pansi pake panali mndandanda. Mzere uliwonse unali ndi dzina lachilendo, kenaka manambala, kenaka dzina langa lolowera. Ndinawerenga ndi chala pa galasi. Inali mizere isanu ndi inayi. Ine ndinkaopa mlandu umodzi, kani anthu andisungira isanu ndi inayi! Mayina ambiri sanali omveka, zilembo zongounjikana ngati mmene amalembera a zamalamulo akafuna kuti wosauka asamve. Koma umodzi ndinaumva bwinobwino, chifukwa pambali pake anafotokoza kuti Explorador.

Ine? Explorador? Liwu limeneli tinakula tikulimva pa misonkhano, ndi la atsamunda odyera anthu masuku pamutu. Ndinayamba kufufuza mtima wanga. Ndinakumbukira amayi awiri amene anandithandiza kukumba mbatatesi, kuti ndinawapatsa zing'onozing'ono zokhazokha, zazikulu n'kuika m'matumba. Ndiye kuti mpaka zimenezo zafika ku boma.

Kenaka maso anga anagwera pa batani la pansi kudzanja lamanja. Linalembedwa kuti Terminar processo. Kuthetsa mlandu.

Abale, ndinayang'ana kukhomo. Ndinayang'ana pa zenera. Ndinati kani chitukuko chimene amanena pa wailesi ndi chimenechi. Kale munthu unkayenera kupeza mboni, kulemba kalata yodandaula, kukwera njinga mpaka ku boma. Lero angoika batani. Ndinasankha mlandu woyamba, ndinadina. Makinawo anandichenjeza m'Chipwitikizi chomveka bwino kuti ndikathetsa pulosesu imeneyi, zonse zimene sizinasungidwe zitayika. Ndinaseka ndekha. Umboni utayike? Nanga ine ndikufuna chiyani? Ndinavomera, mzere uja n'kuzimiririka ngati sunakhaleko.

Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndinathetsa wachiwiri, wachitatu. Wachinayi utapita, mafunso anga a mayeso amene ndinalemba kwa ola lathunthu anapita nawo, koma ndinati ufulu uli ndi mtengo wake. Explorador ndinamusiyira kumapeto kuti ndimumve kukoma. Nditamudina, zithunzi zonse za pa galasi zinathawa, pansi ndi m'mbali monse n'kuyera mbee. Ndinachita mantha, ndinazimitsa makinawo pakhoma, ndinatuluka ndikuimba mluzu ngati munthu amene sanakhalepo m'chipindamo.

Lachinayi m'mawa ndinalawirira kukaona ngati ndine mfulu. Ndinalowa, ndinadina mabatani atatu aja. Milandu yonse inali itabwerera, Explorador ali pamalo pake ngati wagona bwino. Pamenepo ndinavomereza kuti makolo sananame, mlandu suola. Ndinaganiza kuti zimene ndinafufuta dzulo zinali zongokopera, zenizeni zili ndi akuluakulu. Ndipo nditayang'anitsitsa ndinaona batani lina kumanzere, lokhala ndi kachishango pambali: Mostrar processos de todos os utilizadores. Onetsa milandu ya anthu onse.

Ndinadina. Makinawo anapempha senya ya administradora. Ndinalemba yanga, anakana. Ndinalemba dzina la mwana wa alamu, anakana. Ndinalemba dzina la mpingo wawo, anakananso. (Ndinayesanso dzina la mnyamata amene anawakana ukwati zaka zapitazo. Sindikunyadira.)

Poweruka ndinawadikira alamu pa chipata, tinayendera limodzi. Ndinayamba mozungulira ngati wofunsira mbeta.

"Alamu, kodi mapulosesu aja ali mu komputadolo, ndi a tonse?"

Anaima n'kundiyang'ana mokondwa. Nthawi yonseyi ndinkanyoza phunziro lawo kuti ndi lodinadina.

"Eee, alamu, mwayamba kuchita chidwi? Ndi a tonse. Aliyense akalowa amakhala ndi ake."

"Anganso mumawaona?"

"Anu ndiye ochuluka. Inu mumangotsegula zinthu osatseka."

"Nanga bwanji ine ndimaona anga okha?"

"Ndi mmene anaipangira. Munthu wamba amaloledwa kuona ake okha basi. Kuti uone a anzako pamafunika permissão, chilolezo. Apo ayi bwenzi aliyense akudziwa zimene mnzake akuchita, mwinanso kumuonongera."

"A Diretora nawonso ali nawo?"

"Ambiri! Iwo ndiye satseka n'komwe, amangonyamuka."

"Ndiye inu mumatha kuwathetsa?"

"Tsiku ndi tsiku. Zikachuluka makina amalemera, ndimangosankha osafunikira n'kuthetsa."

Ndinamuyang'ana mwana ameneyu, amene ndinamuona akuvina pa ukwati wanga ali ndi mamina, lero akuthetsa milandu ya akuluakulu ngati akupha ntchentche. Ndinatsitsa mawu.

"Nanga anga bwanji simunandithetsere? Si ife achibale?"

Anaseka mpaka kugwira mpanda. "Alamu, anuwo muzithetsa nokha. Koma mukalowanso amayambiranso, ndi mmene zimakhalira."

Safunsa anadya phula, amatero. Ine ndinafunsa mafunso asanu ndi limodzi, ndinayankhidwa zoona zokhazokha, phula n'kudyabe. Palibe paliponse pamene alamu ananama. Ndinangotenga mayankho awo n'kuwaveka zovala za mantha anga. Chimene ndinatolapo n'chakuti muzu wa milandu yanga uli kuseri kwa batani la kachishango lija, ndipo kiyi ali ndi mlamu wanga.

Lachisanu linali tsiku lotumiza mapauta ku boma, mapepala aja a manota a ana onse a chigawo choyamba cha chaka. A Zakariya anali atakhala pa komputadolo kuyambira mbandakucha, akulowetsa manota ndi zala ziwiri, magalasi ali pa nsonga ya mphuno. Bambo amenewa ali ndi chikhulupiriro chawo. Sadina batani losungira ntchito isanathe, amati pauta ili ngati kalata, sumata envulopu usanamalize kulemba. Alamu anawalalikira kangapo za chimenechi koma sanatembenuke mtima.

Cha m'ma teni koloko kunabwera kholo lina ndi nkhani ya mwana wake, a Zakariya n'kuitanidwa. Anasiya ntchito yawo chitsegukire kuseri kwa khomo lawo, nandipatsa mpando.

"Khalani mwana wanga, koma ndikabwera mundipatse. Ndatsala ndi kalasi imodzi yokha."

Ndinathamangira ku chipinda kumene alamu ankayang'anira mayeso. Ndinawakodola pakhomo.

"Alamu, makina osindikizira akukana, akuti mpaka senya yanu. Ana anga alemba mayeso ikamakwana leveni."

"Dikirani ndimalize kuno."

"Ndiye ana makumi asanu akhale manja lende chifukwa cha inu? Chabwino, ndikawauza a Diretora kuti tidikire."

Anayang'ana ana awo, anayang'ana ine. Kenaka anatenga cholembera n'kundilemba m'chikhatho.

"Alamu, iyi sindipatsa munthu. Ndakupatsani chifukwa ndinu bambo a m'nyumba mwathu. Musindikize, mukasambe m'manja."

Mawu amenewo anayenera kundibweza. Sanandibweze. Ndinabwerera nditafumbata dzanja ngati ndagwira ngumbi.

Ndinalemba senya, kachishango kanagonja, mndandanda unatalika mpaka pansi. Mayi wanga ine! Sikola yonse inali pa milandu. A Diretora, mayi aja oyenda mwaulemu ngati alibe ngakhale ngongole ya mchere, anali ndi khumi ndi umodzi, ndipo pakati pake panali Explorador. Ndinati ehee, tili awiri. Ndinang'amba pepala m'kope n'kulemba yonse, kuti akandiitana ndidzangoliika patebulo mwakachetechete.

Koma akatundu enieni sanali anthu. Panali wina dzina lake SISTEMA, amene milandu yake sindinathe kuiwerenga. Sindinadabwe. Kuyambira ndili mwana ndimamva akuluakulu akunena kuti vuto si anthu, vuto ndi sistema, ndipo tsopano umboni unali pamaso panga. Ndinayesa kuthetsako umodzi, kungofuna kuona. Makinawo anayankha kuti Acesso negado, kutanthauza kuti pano sulowa. Ndinagwedeza mutu. Ngakhale uli ndi kiyi wamkulu, sistema siikhudzika. Ndinaona kuti komputadolo imeneyi ikulidziwa bwino dziko.

Ndinathetsanso anga onse, kupatula Explorador amene anandiopsa dzana lija. Ndikanaimira pomwepo, bwenzi lero ndili munthu. Koma maso anga anaona dzina la a Zakariya.

Anali ndi isanu ndi itatu. Umodzi unali ndi nambala yaikulu kuposa ina yonse pansi pa mawu akuti Memória, ndipo nambalayo ndinaitenga ngati kulemera kwa mlanduwo. Mtima unandiwawa, ndikunena zoona. Bambo wokalamba, watsala miyezi yochepa kuti akapume, anandiphunzitsira makalasi, anapempherera malume anga amoyo, ndiye anthu akumusungira chinthu cholemera chonchi osamuuza? Ndinamva ngati Mulungu wandiika pa mpandowo ndi cholinga. Ndinasankha mlandu waukuluwo. Makinawo anachenjezanso kuti zosasungidwa zitayika. Ndinati zitayike, mdalayu wavutika mokwanira. Ndinadina, ndinapitiriza ndi ina yonse mpaka dzina lawo linayera.

A Diretora ndinawasiyira yawo. Chifundo chili ndi malire.

A Zakariya atabwera ndinaimirira, ndinawakokera mpando, ndinawagwira paphewa. Ndinali ndi chimwemwe cha munthu amene wachita zabwino mobisa koma sangathe kuzisunga.

"Senyolo Pedagojiko, mukapume mwamtendere. Zonse ndakukonzerani."

"Mwakonza chiyani mwana wanga?"

"Musafunse zambiri. Mungodziwa kuti dzina lanu layera."

Anamwetulira osamvetsa, analowa khomo lawo. Dzina lawo linali litayeradi. Galasi lonse linali loyera. Anavula magalasi, anawapukuta, anavalanso. Anasuzumira kuseri kwa makinawo ngati manota agwera kumbuyo. Kenaka mkulu wa mpingo uja anatulutsa liwu limene sindingalembe pano, ndipo analitchula m'zilankhulo ziwiri.

Alamu anabwera akuthamanga. Anagwiragwira makinawo, anabwezako manota a kalasi imodzi yokha amene makinawo anali atadzisungira okha m'mawa. Ena onse anapita. Anatembenuka n'kuona dzanja langa, limene ndinali ndisanasambe.

Mphindi khumi zisanathe tinali mu ofesi ya a Diretora, ine, alamu ndi a Zakariya. A Diretora sakalipa, ndipo n'chifukwa chake timawaopa. Sanayambe ndi ine.

"Professora Delfina, munthu wamba sangakhudze ntchito ya mnzake pa makina aja. Munatiuza nokha. Senya anaitenga kuti?"

"Ndinawapatsa ndine, Senyora Diretora."

"Anakuumirizani?"

Alamu anayang'ana pansi. "Ndinawapatsa ndine basi."

Sananene za bodza la makina osindikizira. Anangoima pamenepo, manja kumbuyo, akunyamula katundu wanga. A Diretora anati ngati zili choncho kiyi aperekedwe kwa wina, ndipo nkhaniyi ilembedwe m'mbiri yawo ya ntchito. Mtsikana ameneyu anali asanakwanitse zaka ziwiri pa ntchito. Manyazi amene ndinamva nthawi imeneyo sindinawamvepo chibadwire. Apa m'pamene ndinagwada paja.

"Senyora Diretora, mwanayu alibe mlandu, ndinamunamiza ndine. Ndinkafuna kuthetsa mapulosesu anga. Ndinamva mukuuza Dona Rosa Lachitatu. Ndikudziwa kuti mwadziwa za malume."

"Za malume ziti?"

"Kuti sanamwalire."

A Zakariya anatembenuka pang'onopang'ono.

"Malume aja ndinawapempherera aja?"

"Ali moyo, bambo. Ndinali kokumba mbatatesi."

"Ali bwino?"

"Anenepa."

A Diretora anatseka pakamwa ndi dzanja, sindikudziwa ngati ankabisa mkwiyo kapena china. "Pitirizani, purofesolo. Ndiye mapauta a Pedagojiko analakwa chiyani?"

Ndinafotokoza zonse. Za mndandanda, za batani, za mlandu wolemera wa a Zakariya umene ndinawachotsera mwa chikondi. Pofuna kuonetsa kuti sindikupeka, ndinatulutsa pepala lija. (Inde, lomwe lija. Munthu akayamba kumira amagwira ngakhale lumo.) A Diretora analiwerenga mpaka pansi.

"Ndiye ine ndine Explorador?"

"Tonse awiri, Senyora Diretora."

Alamu anayesa kudzigwira koma zinakanika. Anaseka misozi ili m'maso, kuseka kwa munthu wokwiya. Kenaka anandifotokozera pang'onopang'ono, ngati mmene ine ndimafotokozera ana a kalasi yoyamba.

"Alamu, pulosesu mu komputadolo si mlandu. Ndi ntchito iliyonse imene makina akugwira nthawi imeneyo. Mukatsegula polembera, imeneyo ndi pulosesu. Explorador ndi amene amakuonetsani mafoda ndi zithunzi za pa galasi. Chachikulu chija munathetsa chinali pauta ya a Pedagojiko, chinalemera chifukwa munali manota a ana onse. N'chifukwa chake makina salola munthu aliyense kuona za anzake. Amaopa anthu ngati inu."

"Koma liwulo limatanthauza mlandu," ndinatero, chifukwa ngakhale nditagwada ndinali mphunzitsi wa Chipwitikizi.

"Limatanthauzanso ichi," anatero a Diretora.

Anakoka foda yobiriwira imene inali patebulo nthawi yonseyi. Pachikuto panali dzina langa, ndipo pamwamba pake mawu akuti Processo individual. Munali satifiketi yanga, kalata yondilemba ntchito, chithunzi changa ndili ndi tsitsi. Foda imene wantchito aliyense wa boma ali nayo, imene ine mwini ndinaisainira zaka khumi ndi zinayi zapitazo. Pamwamba pa zonse panali kalata yatsopano. A Diretora ankandipereka dzina kuti ndikhale mtsogoleri wa aphunzitsi a Chipwitikizi a masikola onse a dera lathu. Anaitana fodayo kuti aone ngati mapepala anga ali okwana.

"Ndinalemba kuti ndinu munthu wodziwa mawu," anatero. "Ndinalembanso kuti ndinu wokhulupirika, woti ngakhale ali pa chisoni amabwerera ku ntchito msanga."

Anaichotsa kalatayo, anaipinda kawiri, anaiika m'kabati. Kenaka anakweza mawu pang'ono.

"Dona Rosa, mundibweretsere foda ina yatsopano. Purofesolo wakhala akufunafuna pulosesu sabata yonse, tisamubweze chimanjamanja."

Imeneyo ndiye inali yeniyeni, ya masiku atatu aja ndi bodza la maliro ndi senya ya mwini. Atandipatsa kuti ndisaine, ndinaitembenuza, ndinayang'ana pansi kudzanja lamanja. Panalibe batani.

Ntchito sinathe, ndinapatsidwa chidzudzulo cholembedwa chimene chidzakhala mu foda yobiriwira ija mpaka ndidzapume. Alamu sanalandidwe kiyi wawo. A Diretora anaimba foni ku boma kupempha kuti mapauta afike Lolemba, ndipo Loweruka lonse ndi Lamulungu titaweruka ku tchalitchi ndinakhala pa makina aja ndikulowetsa manota, a Zakariya akundiwerengera kuchokera m'mapepala. Ine ndimalemba ndi chala chimodzi. Amati chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma ndikuuzeni kuti chimalowetsa manota a sikola yonse ngati mwini wake ali ndi mlandu. Tisanayambe, a Zakariya anati tipemphere. Ndinatsinzina.

"Ambuye, adani athu timawadziwa, ndipo timawapewa tokha. Koma mutiteteze kwa anthu otifunira zabwino. Amen."

Pa mzere uliwonse umene ndinkamaliza, ankatambasula dzanja n'kudina okha batani losungira. Zimene alamu analephera kuwaphunzitsa pafupifupi zaka ziwiri, ine ndinawaphunzitsa m'mawa umodzi, koma palibe amene anandithokoza.

Kunyumba nkhani inafika ine ndisanafike. Akazi anga sanafunse za mapauta, kapena za udindo umene ndinataya. Anangoti, "Mwana wa mayi anga anakulemberani m'dzanja chifukwa amakuyesani bambo ake." Ndinapita kukapepesa ndi thumba la mbatatesi, zazikuluzikulu, zosankha. Alamu analandira thumbalo, koma kwa mwezi wathunthu ankandipatsa moni wa Chipwitikizi, wa ku ofesi, ngakhale pa maliro enieni. Chimenecho chinandipweteka kuposa chidzudzulo cha boma.

Lolemba lotsatira ndinapeza khomo langa la pa komputadolo litachotsedwa. Tsopano ndimalowera pa khomo lolembedwa kuti Convidado, mlendo. Sindingasinthe kanthu, sindingaone za munthu, ndipo ndikangotuluka makinawo amaiwala kuti ndinabwerako. Zaka khumi ndi zinayi pa sikola imodzi, lero ndine mlendo. Udindo uja anapatsa mphunzitsi wina wa ku sikola ya kutsidya, munthu amene ndinamukonzapo Chipwitikizi pagulu, ndipo pa msonkhano wake woyamba anasankha mutu wakuti mawu okhala ndi matanthauzo angapo. Anandipempha kuti ndipereke chitsanzo.

Ndiye ndaphunzirapo. Ndaphunzira kuti liwu ukalidziwa tanthauzo limodzi usamayende nalo modzitama, lili ndi abale ake amene sunakumane nawo. Ndaphunziranso kuti khomo likakukana, nthawi zina si chipongwe, likukuteteza kwa iwe mwini. Masiku ano za anzanga sindizifuna n'komwe, aliyense aziona mapulosesu ake, ine ndi anga.

Senya ija alamu anaisintha tsiku lomwelo. (Musandifunse kuti ndinadziwa bwanji.)